Nkhope Yonenepa Pakhoma la Sikelo

Mkazi wa Apenti anagwa akuyanika zovala. Sikunali kugwa kwaphokoso ayi. Anangogwira chingwe, chingwecho n'kutsika naye pang'onopang'ono mpaka anakhala pansi pakati pa malaya onyowa, mimba ili patsogolo, maso ali pakhoma ngati munthu woiwala chimene watulukira panja.

Apenti anali pakhonde akutsuka maburashi m'chitini cha parafini. Dzina lawo lenileni linatsala kwa mayi awo. Mumsewu monse ankangowaitana kuti Apenti, chifukwa zikwangwani za ometa, za ogulitsa nyama ndi za okonza mafoni zonse zinali za dzanja lawo. Anataya burashi n'kuthamanga.

"Mwatani, akazi anga?"

"Chizungulire chomwe chija. Chitha, musadandaule."

"Mwamwa Nyongamayi m'mawa uno?"

"Ndamwa."

"Ndiye mumwenso kapu ina. Ndikuthirirani yambiri."

Umu ndi mmene Apenti ankachizira matenda onse a mkazi wawo masiku amenewo. Mutu ukawawa, Nyongamayi. Mtima ukamagunda ngati wathamanga pomwe wangodzuka pampando, Nyongamayi. Koma musawaseke msanga. Bamboyu sankachita zimenezi chifukwa cha ulesi kapena kuuma manja. Ankachita chifukwa cha chikondi, ndipo n'chimene chimawawitsa mtima pankhani imeneyi.

Banjali linadikira mwana zaka zambiri. Mimba yoyamba inapita padera, pambuyo pake kunangoti zii, abale akufunsa ndi maso, ena ndi pakamwa pomwe. Choncho mimba iyi itagwira, Apenti analumbira kuti mkazi wawo sadzasowa kanthu. Mowa anasiya. Madzi ankatunga okha. Tsiku la sikelo ankamuperekeza n'kukakhala pabenchi pakati pa amayi oyembekezera, buluku lili mawangamawanga ndi penti, osachita manyazi ngakhale pang'ono.

Kusikeloko zinthu zinali zitasintha. Kale amayi ankadikira pansi pa mtengo, mvula ikagwa n'kumapanikizana pakhonde. Tsopano panali shedi ya malata atsopano ndi mabenchi osalala, zonse zomangidwa ndi kampani yopanga Nyongamayi. Pafupi penipeni ndi chitseko cha adokotala panali katebulo koyalidwa nsalu yoyera, ndipo pamenepo pankakhala mtsikana wovala diresi loyera, kawotchi kali pachifuwa. Amayi ankamutcha Anesi Omwetulira, pomusiyanitsa ndi azamba a pachipatalapo, amene ankadziwika kuti Anesi Okalipa. Aliyense wotuluka kwa adokotala ankadutsa pakatebuloko n'kulandira kachikwama kokongola. M'katimo munali sopo wa mwana, kathaulo, ndi timapaketi ta Nyongamayi, ufa wotsekemera wosungunula m'madzi otentha, zonsezo zaulere. Ukalowa mu ofesi ya adokotala, wotchi ya pakhoma inalembedwa Nyongamayi, kalendala Nyongamayi, ngakhale cholembera cha m'manja mwa adokotala, Nyongamayi. Ndani akanaganiza kuti mtsikanayo ndi chipatalacho si amodzi?

Nanga chipatala chenichenicho chinkapereka chiyani? Timapiritsi tofiirira towonjezera magazi, m'kapulasitiki kopanda chithunzi, tonunkha ngati msomali wadzimbiri. Mkazi wa Apenti akamwa timeneti ankachita nseru, m'mimba n'kumanga, chimbudzi n'kuda bii. Apenti ankamuona akumeza atatsinzina, ndipo zinkawapweteka ngati akumeza ndi iwo.

Tsiku lina Anesi Omwetulira anayang'ana buluku la Apenti.

"Bambo, kodi ndinu openta?"

"Amene mukumuonayu ndi yemweyo."

"Ndiye mwabwera bwino. Abwana anga akufuna munthu wotijambulira pakhoma ili. Abambo osamala akazi awo ngati inu ndi osowa masiku ano. Ntchito imeneyi ikuyenera inuyo."

Mawu amenewo anawalowa Apenti mpaka m'mafupa. Kampani inawapatsa pepala la chithunzi cha mayi wina wachilendo atanyamula kapu, koma iwo anati ayi, nkhope yokongola ali nayo kunyumba. Anajambula mkazi wawo yemwe. Kampata ka pakati pa mano ake anakaika, kachipsera ka pachibwano anakaikanso. Koma masaya anawadzaza, khosi analinenepetsa, milomo anaithira penti yofiira mowolowa manja. Pamwamba analemba zilembo zikuluzikulu: MAYI WAMPHAMVU AMAMWA NYONGAMAYI. Ntchito itatha, mbali ina ya malipiro inabwera ngati makatoni a ufa uja. Apenti anawasenza pamutu n'kudutsa nawo mumsewu wonse mosafulumira, akupereka moni ngakhale kwa anthu amene sanalankhulane nawo chaka chonse.

Atafika kunyumba anakhala pampando n'kuwerenga paketi mokweza.

"Mwamva? Akuti muli ayironi ndi mavitamini ofunika kwa mayi woyembekezera. Ayironi ndi yemwe uja ali m'timapiritsi tanu tonunkhato. Ndiye mukuzunzikiranji? Timeneto n'ta amene alibe owasamala. Inu muli ndi mwamuna."

"Koma azamba anati ndizimwa tsiku lililonse."

"Nanga izi zachokera kuti? Si kuchipatala komweko, pakhomo pa adokotala penipeni?"

Apenti anatenga timapiritsi tija n'kutiponya m'chitini chimene penti yake inatha, anatseka, n'kuchiika pamwamba pa kabati. Mwezi uliwonse tatsopano ta kusikelo tinkatsatira tinzake momwemo. Azamba akafunsa kuti, "Zowonjezera magazi mukumwa?" mayiyo ankavomera ndi mutu, ndipo mumtima mwake sankaona kuti akunama. Sikelo yomaliza sanapiteko n'komwe, chifukwa miyendo inakana. Apenti anati palibe vuto, poti mankhwala ali m'nyumba momwemo.

Ndiye nayu lero wakhala pansi pa chingwe, amuna ake akuthamangira kukatereka madzi.

Pakhonde la nyumba yoyandikana nayo pankasokera mayi wina wamasiye, amene onse ankamutcha Atelala. Iwowa anaona zonse kudzera pampanda, ndipo anaimitsa makina.

"Apenti, madziwo asiyeni. Kapezeni galimoto."

"Ndi chizungulire chabe, aneba. Amayi apakati amatero."

"Amatero ndani? Ine ndabereka ana, mwawaona nokha akukula pano, koma sindinatsikepo ndi chingwe cha zovala. Taonani manja akewo. Mkaziyu wayera ngati nsalu ya m'kati mwa jekete. Ndakhala ndikumuona akupumira panjira asanafike pampopi, koma ndimati ndikalankhula munena kuti ndi nsanje ya makatoni."

"Akumwa chinthu chabwino kwambiri, aneba, chochokera kwa madokotala."

"Akumwa shuga, bambo inu. Ndinalawa paketi ija munandipatsa pondionetsera. Kapezeni galimoto, mukatsutsane ndi azamba, osati ndi ine."

Atafika kuchipatala anapeza shedi itadzaza. Amayi anasendezana kuti amupatse malo mkazi wa Apenti, ndipo malowo anapezeka pansi penipeni pa chithunzi chija. Pamwamba, mayi wamasaya odzaza akumwetulira, kapu ili m'manja. Pansi, mayi yemweyo, kampata ka m'mano komweko, kachipsera komweko, atatsamira khoma, milomo itatuwa, akupumira pakamwa. Amayi ankayang'ana m'mwamba, n'kuyang'ana pansi, kenako n'kuyang'anana. Palibe amene anaseka. Kwa Apenti, bola akanaseka.

Anesi Okalipa anatuluka, n'kungoti kuona, anawalowetsa osadikira mzere. Anali mayi wamfupi wa nsapato zakutha, wosataya nthawi ndi moni wautali. Anagwira dzanja la wodwalayo n'kutembenuza chikhatho. Kenako anakokera pansi chikope chake ndi chala.

"Bambo, sunthirani pafupi. Paja inu ndinu katswiri wa mitundu. M'kati umu mukuona mtundu wanji?"

Apenti anasuzumira. Munali motuwa ngati laimu wa pakhoma lakale.

"Moyera," anayankha chapansipansi.

Azamba anakokera pansi chikope chawo chomwe. "Nanga umu?"

"Mofiira."

"Kufiirako ndiye magazi. Mkazi wanuyu, kufiira kwake konse munakumalizira pakhoma panjapo."

Anamubaya pachala n'kuyeza kadontho ka magazi pakamakina. Atawerenga, ukali unachoka pankhope pawo, ndipo zimenezi zinawaopsa Apenti kuposa kukalipa kulikonse.

"Magazi achepa kwambiri, ndipo masiku ake ayandikira. Mayi aliyense amataya magazi pobereka. Uyu alibe oti ataye. Matenda akanamuyamba lero kunyumba, tikanatha kutaya mayi ndi mwana yemwe. Mayi, mapiritsi aja mumamwa bwanji?"

Mkaziyo anayang'ana pansi. Apenti anafotokoza zonse: nseru ija, makatoni aja, ndi chitini cha pamwamba pa kabati.

Azamba anapumira m'mwamba. "Ufa umenewo si poizoni. Ndi chakumwa basi, ngati zakumwa zina za m'golosale. Ayironi alimo, inde, koma wochepa kwambiri moti mayi amene magazi ake akudyetsa anthu awiri sangamudalire. Piritsi lonunkhalo ndiye mankhwala. Nseru ikavuta mumabwera kudzatiuza. Timakuuzani kuti muzimwa mutadya kapena pogona, osamwera tiyi, ndipo kuti kuda kwa chimbudzi si matenda. Zikakanikabe timapeza njira ina. Koma simusiya panokha."

"Komatu anatipatsa ndi anesi anzanu," anatero Apenti.

"Anzanga? Uja wa pakatebulo? Ameneyo sanaphunzirepo unamwino ngakhale tsiku limodzi. Diresi loyera amagulitsa pamsika, bambo. Kodi anakuuzani kuti musiye mapiritsi?"

Apenti anafufuza m'mutu mwawo, kufuna mawu oti amugwire nawo mtsikanayo. Sanawapeze.

"Ayi. Anangoti muli zonse zimene mayi amafunikira."

"Sanganene. Amawaphunzitsa kusamala pakamwa. Amangokhala pakhomo pathu, n'kuvala ngati ife, zotsalazo mumamaliza nokha. Ine ndadandaula mpaka kutopa, koma mawu a mzamba salemera ngati malata."

Mkazi wa Apenti anamugoneka m'chipatala tsiku lomwelo n'kuyamba kumuika magazi. Apenti anapemphedwa kuti aperekeko awo, alowe m'malo mwa amene atuluka m'nkhokwe, ndipo anapinda mkono wa malaya osafunsa kanthu. Anagona pakabedi akuyang'ana thumba likudzaza pang'onopang'ono. Zaka zonse zimene akhala akusakaniza penti anali asanaonepo kufiira kotero, ndipo kunalibe sitolo imene akanakakugula.

Potuluka, thonje lili pamkono, anamva wina akuwakoka malaya. Anali mtsikana wowonda, wooneka kuti mimba yake ndi yoyamba, atapanira kachikwama ka kampani kukhwapa.

"Pepani, bambo. Mayi mwalowa nawo aja, si omwe ali pakhomawa?"

"Ndi omwewo."

"Nanga adwala bwanji, poti amamwa Nyongamayi? Inetu timapiritsi ndinasiya kalekale. Zaulere zija zitatha, amuna anga anayamba kundigulira chitini chachikulu, mpaka tinasiya mazira ndi nyemba kuti tizikwanitsa. Ndimafuna masaya ngati awo."

Apenti anayang'ana chithunzi chija. Kufikira pamenepo ankadziona ngati munthu wopusitsidwa. Tsopano anaona kuti nawonso anapusitsa anthu, ndi dzanja lawo lomwe, pogwiritsa ntchito nkhope ya mkazi wawo. Masaya amene mtsikanayu ankawasirira sanakhalepo pankhope ya munthu aliyense.

"Achemwali, tiyeni kwa azamba pompano. Masaya amenewo ndinaika ndine ndi burashi."

Atamusiya mtsikanayo m'manja mwa azamba, analunjika pakatebulo koyera. Anesi Omwetulira anali akusanja zikwama.

"Iwe, ndiwe namwino kapena ayi?"

Kumwetulira kuja kunazima. "Ine sindinanenepo kuti ndine namwino, bambo."

"Nanga amayiwa akamakuitana kuti anesi, umayankhiranji?"

"Diresili anandipatsa kuofesi. Pokhala pano anandisonyeza ndi abwana. Ndikapanda kumaliza zikwamazi, mawa pakhala wina. Inenso ndili ndi anthu ondidalira kunyumba." Anaima kaye, n'kuyang'ana khoma. "Ndipo chithunzicho sindinajambule ndine."

Mawuwo anawalasa Apenti, chifukwa anali oona.

Adokotala anamva phokoso n'kutuluka. Anali bambo wamaso otopa, amene mzere wa odwala sunkatha pakhomo pawo.

"Bambo, musanatukwane, kumbukirani kuti amayiwa ankanyowa ndi mvula. Tinapempha denga kwa zaka, palibe anatiyankha. Kampaniyi inabwera yokha. Ife sitinauze munthu aliyense kuti asiye mankhwala."

"Pano palibe amene ananena kanthu," anatero Apenti. "Mtsikanayu sananene, inu simunanene. Koma mkazi wanga ali pabedi ndi magazi a eni ake m'mitsempha. Wotchi ya mu ofesi mwanu inanena, adokotala. Cholembera chili m'manja mwanucho chinanena."

Adokotala anayang'ana cholemberacho, n'kuchilowetsa m'thumba mwakachetechete.

Apenti anatembenuka kuti azipita, ndipo azamba, amene anaima pakhomo akumvetsera, anawawerenga pankhope.

"Mukupita kuti mothamanga chonchi?"

"Kukatenga penti yakuda."

"Mukathira penti yakuda lero, mugona kupolisi, mkazi wanu asowa womubweretsera chakudya, ndipo kampani ipeza wopenta wina sabata isanathe. Chipatala chino chili ndi komiti ya anthu a m'dera lino, imene ntchito yake ndi kumva madandaulo. Munthu aliyense ali ndi ufulu wokayankhula kumeneko. Ine anandizolowera, amati ndine wolongolola. Inu akumverani, chifukwa chithunzicho n'chanu ndipo mkaziyo ndi wanu."

M'mawa mwake Apenti anapeza mkazi wawo atakhala tsonga pabedi, milomo itayamba kubwerera mtundu. Anaika chakudya pakabati n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Bwanji simunandiuze kuti zafika pamenepa?"

"Ndikanakuuzani bwanji, bambo? Mumsewu monse amandiloza kuti mayi wamphamvu uja ndi ameneyu. Inu mukayang'ana makatoni aja mumasangalala ngati mwamanga nyumba. Ndimati ndikanena kuti ndikufooka, ndikuchotserani ulemu. Ndiye ndimangomwa, n'kumadikira kuti mwina tsiku lina ndidzafanana ndi chithunzi changa."

Apenti analira pomwepo, amayi a pamabedi ena akuona, ndipo sanabise nkhope.

"Musalire. Mwanayu akusuntha, gwirani apa mumve. Pitani kukomitiko. Ndipo ngati mudzandijambulenso, mudzandijambule mmene ndilili."

Komiti inakumana m'shedi momwemo, tsiku la sikelo, amayi ali pamabenchi. Apenti anabwera ndi chitini cha pamwamba pa kabati chija, Atelala ali pambuyo pawo, atasiya diresi la mkwatibwi pamakina. Itafika nthawi yawo yoyankhula, sanayambe ndi mawu. Anatsegula chitinicho ndi sikuludiraiva n'kukhuthula zam'kati pakatebulo koyera. Timapiritsi tinamwazika pansalu, tina n'kugubudukira pansi pa mabenchi.

"Awa ndi magazi a mkazi wanga," anatero. "Ndinawatsekera m'chitini ndine, chifukwa ndinkayesa kuti chimene ndalandira pakhomo pa adokotala n'cha adokotala. Ndine wopusa, ndavomera. Koma ndifunseko: pano wopusa ndine ndekha? Amene anasiya mapiritsi chifukwa cha zikwama izi akweze dzanja."

Woyamba kukweza anali mtsikana wowonda uja. Wina kumbuyo anatsatira, akuyang'ana pansi. Kenako wina, ndi winanso. Wapampando wa komiti, bambo wachikulire amene anabwera akuoneka kuti akufulumira, anavula magalasi n'kuyang'ana manjawo nthawi yaitali.

Sikuti onse anagwirizana msanga. Bambo wina wa m'komitimo anaimirira n'kunena kuti si bwino kukhumudwitsa anthu amene akutithandiza. "Akakwiya n'kudzachotsa dengali, mudzakhala pati?"

"Alichotse," anayankha Atelala osadikira kupatsidwa mpata. "Mvula imanyowetsa zovala, siichepetsa magazi. Zovalazo mudzabwere nazo kwa ine ndidzakuyanikireni."

Amayi anaseka, ndipo kusekako kunamasula pakamwa pa ambiri. Wina anati ankayesa kuti mtsikana wa diresi loyera uja ndi amene amabereketsa. Wina anati anamufunsapo za kutupa kwa miyendo, ndipo anamuyankha pomupatsa paketi ina. Adokotala anamvetsera zonse atawerama. Pamapeto anaimirira n'kunena kuti analakwitsa kulola katebuloko pakhomo pawo, chifukwa chilichonse chokhala pakhomo pa dokotala anthu amachitenga ngati mawu a dokotala.

Komiti inagamula kuti wogulitsa malonda aliyense asagawenso zinthu m'kati mwa mpanda wa chipatala, kuti wosakhala wachipatala asavale ngati wachipatala pamalopo, ndi kuti khoma lipentedwenso. Inagwirizananso kuti kampani yofuna kuthandiza ithandize, koma isapachike dzina lake pamene odwala amalandirira malangizo.

Kampaniyo sinapepese kwa munthu. Inatumiza galimoto kudzatenga katebulo, wotchi ndi kalendala. Denga analisiya, mwina chifukwa misomali inali italowa kwambiri. Za mtsikana womwetulira uja kunamveka kuti anamusamutsira kuchipatala china chakutali, ndi diresi lomwe lija. Apenti atamva zimenezi mtima unawawawa, chifukwa anadziwa kuti kumenekonso kuli khoma lopanda kanthu ndi wopenta wofuna kuyamikiridwa.

Mkazi wawo anatuluka m'chipatala ndi kapulasitiki katsopano ka timapiritsi. Tsopano amene ankakumbutsa anali Apenti omwewo, akatha kudya, kapu ya madzi ili m'manja. Nseru inkabwerabe masiku ena, koma ankapirira, ndipo itavuta kwambiri anabwerera kwa azamba kukafunsa m'malo mofunsa paketi. Masamba obiriwira, nyemba ndi mazira zinabwerera pambale. Makatoni otsala aja Apenti anafuna kuwataya, koma Atelala anati shuga satayidwa, ndipo ana a mumsewu ananyambita mpaka kutha.

Matenda a kubereka anamuyamba mkazi wawo m'mawa wina kukuwala bwino. Apenti anayenda uku ndi uku m'shedimo mpaka amayi anawapempha kuti akhale pansi, akuwachititsa chizungulire. Dzuwa litapendeka, Anesi Okalipa anatuluka akupukuta m'manja.

"Mwana wamkazi. Akulira ngati amukwiyitsa."

"Nanga mayi ake?"

"Anataya magazi ndithu, monga ndinanenera. Koma ulendo uno anali nawo oti ataye. Ali bwino. Lowani muwaone, koma musakalirenso, mundisokonezera odwala."

Khoma lija Apenti analipenta mwana atayamba kuzolowera dziko. Kufufuta nkhope ija kunali kovuta kuposa mmene ankaganizira. Inali ntchito yabwino kwambiri imene dzanja lawo linagwirapo, ndipo inali bodza. Anayambira pa masaya. Laimu atauma, anajambulanso mkazi wawo, mmene analili: wochepa thupi pang'ono, maso otopa, mwana ali pachifuwa, kampata ka m'mano ndi kachipsera zili pamalo pake. M'chikhatho mwake anaikamo kapiritsi kofiirira. Mawu ake anawasankha pamodzi ndi azamba: MUSASIYE MANKHWALA A KUSIKELO. MUSANAMWE CHINA CHILICHONSE, FUNSANI AZAMBA.

Phunziro la banjali ndi la tonse. Chinthu sichisanduka mankhwala chifukwa choti mwachilandira mwaulere pakhomo pa dokotala. Zaulere za makampani ndi njira yotsatsira malonda, ndipo zikatha amene amagula ndinu. Munthu akakupatsani kanthu kuchipatala, muli ndi ufulu womufunsa ngati ali wachipatala kapena wa kampani. Mayi woyembekezera asasiye mapiritsi owonjezera magazi popanda kuuzidwa ndi azamba kapena dokotala, ndipo akamachita chizungulire, akamapuma movutikira, kapena m'zikhatho ndi m'zikope mukayera, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mukaona malonda akulowerera pamalo a malangizo, kadandauleni kukomiti ya chipatala chanu.

Tsiku limene Apenti ankamalizitsa zilembo, bambo wina wachinyamata anabwera kudzaperekeza mkazi wake kusikelo. Anaima pansi pa makwerero, manja ali m'thumba, n'kuyang'ana chithunzicho mopendeka mutu.

"Akulu, ntchito mumaitha. Koma mayi uja analipo kale anali wokongola kuposa uyu."

Apenti anayang'ana pabenchi, pomwe mkazi wawo anakhala akuyamwitsa mwana, akudikira kuti akamuyeze kulemera.

"Uja anali penti, achimwene," anatero. "Uyu ali moyo."